Kukonzekera ulendo wa m'misewu ya fumbi ndi matope ku Dedza ndi Ntcheu

Galimoto zambiri zimene ndaziona zitatitimira m'njira za kumudzi kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu sizinali zakutha. Zina zinali zatsopano ndithu, zokoka ndi matayala onse anayi. Chinkasowa chinali fosholo, kapena jeke imene inatsala pakhonde ku Lilongwe, kapena mpweya m'tayala la sipeya limene mwini wake analiona komaliza tsiku logula galimoto. Msewu wa M1 umapusitsa. Munthu amadutsa pa Linthipe, pa Dedza boma, pa Lizulu ali pa tala, wailesi ikulira, ndiye akakhota kulowera kumaliro, kuchinkhoswe kapena kokapikula mbatatesi amayesa kuti ulendo upitirira chimodzimodzi. Pakangotha makilomita asanu galimoto yagona ndi mimba pathope, foni ilibe netiweki, mvula nayo ikutsika kuchokera kuphiri.

Malangizo awa ndi a munthu amene akulowera kumene tala wathera: kumapanga a zojambula zamakedzana ku Chongoni ndi Mphunzi, kumidzi ya ku Mayani ndi Kasumbu, ku Tsangano ndi njira yopitirira ku Neno m'mapiri a Kirk Range, kapena kuchigwa cha Bwanje kuseri kwa Kasinje ndi Sharpevale. Ena ndi a galimoto ya 4x4 yokha, ndipo ndanena pamene zili choncho. Otsalawo akukhudza ngakhale wa Probox kapena Sienta.

## Zofunika kunyamula

Zitulutseni zonse, muziyale pansi pafupi ndi galimoto, muzione ndi maso anu. Mawu akuti "zili m'buti" agoneka anthu ambiri kuthengo.

Zokumbira ndi zokokera

- Fosholo ndi khasu, zonse ziwiri. Khasu limaswa dothi lamakande, koma fosholo ya mpini wautali ndi imene imafika pansi pa mimba ya galimoto.
- Chikwanje chakuthwa.
- Lamba wokokera galimoto, wolembedwa kulemera kumene angapirire. Hilux yodzaza imayandikira matani atatu, choncho funani wa makilogalamu 8,000 kapena kuposa. Chingwe cha nayiloni chomangira matumba a chimanga si chokokera galimoto.
- Ma shackle awiri, tizitsulo tokhota ngati U tolumikizira lamba ku galimoto, nawonso okhala ndi nambala ya kulemera.
- Matabwa awiri okhuthala, otalika ngati mita imodzi, ndi kathabwa kena kolimba koikapo jeke. Jeke yopanda thabwa pathope imangomira yokha, galimoto osakwera.
- Matumba a feteleza opanda kanthu, anayi kapena asanu. Salemera, koma mukawathira dothi louma ndi miyala amatseka dzenje limene likanakutengerani ola lathunthu.

Za matayala

- Tayala la sipeya lenileni, lopopedwa. Ulendo wa masiku angapo m'njira za miyala, tengani awiri.
- Jeke, sipanala ya mawilo, ndi kapaipi kachitsulo kotalikitsira sipanalayo.
- Pampu, yamagetsi yolumikiza ku batire kapena yoponda ndi phazi, pamodzi ndi geji yoyezera mpweya.
- Zomatira tayala la tubeless, zija za tizingwe tomata tolowetsa pabowo.

Za injini

- Oyilo wa injini lita imodzi kapena awiri, brake fluid kabotolo kamodzi, madzi a rediyeta malita asanu.
- Lamba wa fani, mafyuzi, mawaya ojampira batire.
- Masipanala a 10, 12, 14, 17 ndi 19, amene amagwira mabauti ambiri a galimoto za ku Japan, pulayazi, sikuludiraiva, waya wofewa, tepi, ndi malegeni. Malegeni musawaderere: amamanga paipi yothetheka, batire logwedera, ngakhale bampala yolendewera.

Za anthu

- Madzi akumwa malita atatu kapena anayi pa munthu aliyense pa tsiku, osaphatikiza a rediyeta aja.
- Chakudya chosaonongeka msanga: mtedza, buledi, nthochi, mbatata yootcha.
- Juzi ndi bulangete. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wa mu June ndi July m'galimoto yozima si wa masewera.
- Tochi, power bank, bokosi la chithandizo choyamba, ndi mankhwala a aliyense amene amamwa tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, okwanira masiku awiri owonjezera.
- Ndalama zapamanja zosinthasintha. Okukankhani pathope sadikira kuti netiweki ibwere.

Laisensi, COF, inshuwalansi, ma triangle awiri ndi chozimitsira moto, izo apolisi a pamsewu adzakukumbutsani okha ngati mwaiwala, koma pa mtengo.

## 1. Funsani za msewu, kawiri

Google Maps imadziwa kuti msewu ulipo, siidziwa kuti mlatho unakokoloka Lachiwiri. Imbirani munthu wa kumene mukupitako kutatsala tsiku limodzi, mudzamuimbirenso m'mawa wa tsiku la ulendo, chifukwa kuyambira November mpaka April mvula ya usiku umodzi imasintha njira yonse.

Kafunsidwe n'kofunika. Mukafunsa kuti "Msewu uli bwanji?" yankho lidzakhala "Uli bwinobwino, bwerani," chifukwa palibe amene amafuna kubweza mlendo, makamaka wobwera kumaliro. Funsani chonchi: "Achimwene, galimoto yomaliza kufika kumeneko inafika liti? Inali yamtundu wanji? Inadutsira pati?" Mukamva kuti sabata yonseyi zikufika ndi njinga zamoto zokha, mwayankhidwa kale.

Mukafika pokhotera, imani pa akabaza. Iwo amayenda njirayo kakhumi pa tsiku ndipo amadziwa dzenje lililonse. Koma kumbukirani kuti njinga yamoto imadutsa pa thabwa limodzi. Funsani za ngolo ndi malole a fodya kapena a mbatatesi, chifukwa kumene izo zikudutsa ndi kumene kuli njira ya m'lifupi mokwana galimoto.

Koperani mapu m'foni muli kunyumba kuti azitseguka popanda intaneti, ndipo khalani ndi ma SIM a Airtel ndi TNM onse awiri.

Chenjezo: kuyambira ku Dedza kudutsa pa Lizulu mpaka cha ku Biriwiri, M1 imayenda m'malire a Mozambique. Pa Lizulu mukangowoloka msewu mwalowa dziko lina. Tinjira tina tolowera kumadzulo tikhoza kukutengerani ku Mozambique osazindikira, muli ndi galimoto yopanda mapepala otulukira. Foni nayo imatha kugwira netiweki ya kutsidyako. Funsani musanakhote.

## 2. Unikani galimoto kutatsala masiku awiri kapena atatu

Osati m'mawa wa tsiku la ulendo, chifukwa mukapeza vuto mudzangoti "tikafika basi."

Yambani ndi matayala. Onani ngati mano ake akadali akuya, ndipo yang'anani m'mbali ngati muli zotupa kapena ming'alu, popeza miyala ya m'mapiri a Dedza imang'amba m'mbali osati popondera. Tsitsani sipeya, muiyeze mpweya. Pa ma pickup ambiri sipeya imakhala pansi, yomangidwa ndi tcheni chimene chimachita dzimbiri, ndiye yesani kuitsitsa lero lomwe.

Kenako masulani nati imodzi pa wilo lililonse ndi sipanala yanu yomwe ija, muimangenso. Apa ndidwalepo pang'ono, chifukwa zinandichitikira. Ndinasinthitsa matayala pa galaja ina m'tauni, anyamata anamanga manati ndi makina a mpweya, ine n'kunyamuka wosangalala. Tayala litaphwa m'njira ya ku Bembeke, ndinali ndi sipeya, jeke, chilichonse, koma nati imodzi inakana. Ndinaponda sipanala mpaka inapindika. Anandipulumutsa ndi bambo wina wokonza njinga amene anabwera ndi paipi ya mjigo wakale. Chichokereni apo kapaipi sikachoka m'galimoto mwanga. Ngati mawilo anu ali ndi nati yokhoma yofuna kiyi wakewake, onetsetsani kuti kiyiyo ilipo.

Zotsala ndi zachidule: oyilo, madzi a rediyeta, brake fluid, lamba wa fani ngati sanayambe kusweka, batire ngati lamangidwa zolimba ndipo mitu yake ilibe zoyera, magetsi onse, mawaipa. Gwadani muone pansi ngati pali chodontha. Pomwepo pezani zitsulo zokokera kutsogolo ndi kumbuyo, zomangidwa ku chasisi. Pa galimoto zing'onozing'ono chitsulo chake chimakhala chopotera pa kabowo ka pa bampala, ndipo chimasungidwa pamodzi ndi jeke.

## 3. Phunzirani 4x4 yanu musanaifune

Ambiri ali ndi galimoto ya 4x4 imene kandodo kake kachiwiri, kosankhira 2H, 4H ndi 4L, sanakagwirepo. Pezani bwalo lafumbi muyesere.

2H ndi ya pa tala. 4H ndi ya pa fumbi loterera, thope lochepa ndi mchenga. 4L ndi ya zitunda zoopsa, mitsetse, miyala ndi thope lakuya, ndipo pa galimoto zambiri imalowa mutaima, giya ili pa neutral. Land Cruiser ndi ma pickup akale amakhala ndi zopotokola pakati pa mawilo akutsogolo zolembedwa FREE ndi LOCK. Zikakhala pa FREE, ngakhale mulowetse 4L matayala akutsogolo sakoka ayi. Ndinaonapo galimoto ikukumba ndi matayala akumbuyo okha, dalaivala akulumbira kuti foro-foro yafa, pamene zinangofunika kutsika n'kupotokola kawiri.

Diff lock, imene imakakamiza wilo lakumanzere ndi lakumanja kuzungulira limodzi, ngati ilipo, ndi ya kanthawi kochepa, poyenda molunjika ndi pang'onopang'ono. Mukangotuluka pamalo povuta, ichotseni.

Chenjezo: galimoto ya mtundu wa 2H, 4H, 4L musaiyendetse pa 4H pa tala wouma. Mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana, pokhota zitsulo zimapotana, ndipo mapeto ake ndi bilu ya makaniko.

## 4. Mafuta

Dzazani tanki pa Dedza boma kapena pa Ntcheu boma, musadalire kuti mukapeza kutsogolo. Pathope ndi pa 4L galimoto imamwa kwambiri, mwina kuwonjezera theka, nthawi zina kuwirikiza. Werengani makilomita opita ndi obwerera, muwonjezereko theka lina.

Za chigubu, dziwani kuti bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta, lakhala likuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, makamaka nyengo zosowa mafuta, choncho funsani kaye. Mukachinyamula, chikhale chopangidwira mafuta, chomangidwa kunja kapena kumbuyo kwa pickup, osati pamene pakhala anthu. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu amapulumutsa zikavuta, koma madzi kapena palafini pang'ono amapha ma injector a dizilo amakono. Mukakakamizika, sefani ndi nsalu yoyera.

## 5. Kupakira

Zolemera pansi ndi pakati, zopepuka pamwamba. Katundu wolemera pa denga amapendeketsa galimoto m'njira zodutsa m'mbali mwa phiri. Mangani chilichonse, chifukwa jeke yosamanga ikadumpha pa bampu imathyola mutu wa munthu.

Fosholo, lamba wokokera, matabwa ndi bokosi la chithandizo choyamba ziikeni pomaliza, pamwamba. Kutsitsa matumba khumi a chimanga pathope pofunafuna fosholo kumapsetsa mtima kuposa kutitimira kwenikweniko. Ndipo ngati mukupita kukapikula, kumbukirani kuti pobwera galimoto idzakhala itatsika ndi katundu. Pamene munadutsa osakhudza m'mawa, madzulo mimba ya galimoto idzakhudza pansi.

## 6. Nyamukani m'mamawa, wina adziwe

Mvula ya dzinja imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndiye yesetsani kudutsa malo ovuta dzuwa lisanafike pamutu. Kumsewu wafumbi werengani makilomita 20 kapena 30 pa ola, osati 80. Uzani m'bale wanu njira imene mudzere, mudzi umene mukupita, ndi nthawi imene ayambe kukufunafunani mukapanda kuimba. Galimoto ziwiri zikayendera limodzi n'kwabwino koposa.

## 7. Mukasiya tala, imani mphindi zisanu

Tsikani, chepetsani mpweya m'matayala. Tayala lofewerako limaponda malo aakulu, limagwira bwino, ndipo limakumbatira mwala m'malo mobowoka. Mpweya wa pa tala unalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala, kawirikawiri pakati pa 2.2 ndi 2.5 bar. Pa fumbi ndi miyala tsitsani kufika cha pa 1.9 kapena 2.0. Pathope, 1.6 mpaka 1.8. Pamchenga wakuya, ngati wa m'mitsinje youma ya kuchigwa, mukhoza kufika 1.3, koma pang'onopang'ono ndi mosakhota mwadzidzidzi, kuopa tayala kuvuka pa limu.

Chenjezo: musaphwetse ngati mulibe pampu. Galimoto yodzaza katundu kapena ya matayala opyapyala m'mbali, chepetsani pang'ono chabe.

Lowetsani 4H pano, musanafike pathope. Zala zazikulu zikhale kunja kwa chiwongolero, chifukwa wilo likagunda chitsa chiwongolero chimabwerera mwamphamvu.

Mukulowa m'midzi ya anthu. Masamba oikidwa pamsewu ndi chizindikiro cha maliro, chepetsani liwiro ndipo tsitsani wailesi. Mukakumana ndi gule wamkulu, zimene ku Dedza si zachilendo, patukani kapena imani, musaimbe hutala, musajambule. Ana, mbuzi ndi ng'ombe za pangolo zili ndi msewu umenewu kuposa inu.

## 8. Zitunda ndi mitsetse

Injini yopanda turbo imafooka kumtunda chifukwa mpweya ndi wochepa. Cha ku Dedza imataya mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi kunyanja yamchere, ndiye musadabwe galimoto yodzaza ikamalira pachitunda. Sankhani giya muli pansi, yachiwiri ya 4L kapena yoyamba pa galimoto wamba, mukwere ndi moto wosasinthasintha. Kusintha giya pakati pa chitunda choterera ndiko kumaimitsa galimoto.

Ikalephera, musayese kutembenuka pachitunda. Pondani buleki, lowetsani rivesi, mutsike chafutambuyo molunjika injini ikugwira galimoto, osaponda kilatchi.

Potsika, giya yoyamba ya 4L, phazi lichoke pa kilatchi, buleki muziiponda pang'onopang'ono. Kutsika pa giya yaing'ono, phazi litachoka pa kilatchi, n'kofunika ngakhale pa tala, koma pamenepo popanda 4L. Msewu wa Khwekhwerere wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti umatsika mamita pafupifupi 1,000 m'makona okhaokha. Woutsika pa neutral kuti asunge mafuta amawotcha mabuleki, brake fluid imawira, ndipo pedulo imangolowa pansi ngati waponda nsima. Mukamva fungo lopserera, imani pamalo abwino mabuleki azizire okha, osawathira madzi.

## 9. Matope ndi madambo

Thope lili mitundu iwiri, ndipo kayendetsedwe kake n'kosiyana. Katondo wofiira wa kumtunda amaterera ngati sopo koma pansi pake ndi polimba. Vuto lake ndi kutsetserekera mu ngalande, choncho yendani pang'onopang'ono pakati pa msewu, osaponda buleki mwadzidzidzi. Makande akuda a m'madambo ndi a kuchigwa cha Bwanje ndiwo amameza. Amamatirira m'mano a tayala mpaka tayala kusalala, ndipo pamwamba pakhoza kuoneka pouma pamene pansi ndi phala.

Tsikani mukayende wapansi ndi ndodo. Inde, nsapato zida, koma nsapato zimachapika. Onani kuya kwa mikwasa ya malole. Ngati ndi yakuya kuposa mpata wa pansi pa galimoto yanu, mukailowa mudzakhala pamimba matayala ali m'malere. Pondani pamwamba pa mizere yake, kapena ikwirireni kaye ndi matumba aja.

Polowa, giya yachiwiri, liwiro la munthu wothamanga pang'ono, moto wofanana mpaka kutsidya. Matayala akayamba kuterera, gwedezani chiwongolero pang'ono kumanzere ndi kumanja kuti m'mbali mwa tayala mugwire. Galimoto ikaima, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo.

Njira yolambalala yodutsa m'udzu wobiriwira wa padambo imaoneka yokongola, koma kawirikawiri ndi pamene pali kasupe. Ndipo ngati yolambalalayo ikudutsa m'munda wa munthu, pemphani kaye. Mizere ya mbatatesi ndi ndalama za fizi.

## 10. Mitsinje ndi milatho ya mitengo

Linthipe, Diamphwe, Livulezi, Rivirivi ndi timitsinje tothira m'menemo zimachokera kumapiri, choncho zimadzaza msanga ngakhale pamene muli inu pasanagwe dontho. Zimaphweranso msanga. Kudikira maola awiri kapena atatu nthawi zambiri kumakwanira. Zikani kamtengo m'mphepete mwa madzi, muone ngati akukwera kapena akutsika.

Madzi othamanga ofika masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale yaikulu. Ngati simungathe kuwoloka wapansi mosadzandira, galimoto isalowe. Madzi odekha ofika m'mawondo ndiwo malire a 4x4 yopanda snorkel, paipi yokokera mpweya wa injini kuchokera m'mwamba. Galimoto yaing'ono isapyole theka la wilo.

Mukatsimikiza kuti n'zotheka, tsegulani mawindo, lowetsani 4L giya yoyamba kapena yachiwiri, mulowe mofatsa, osasintha giya, osaima. Mukatuluka, yendani mamita angapo mukuponda buleki pang'ono kuti ziume.

Chenjezo lalikulu: injini ikazima m'madzi, musailizenso. Madzi akalowa mu silinda safinyika, ndipo kungotembenuza kiyi kamodzi kumapinda zitsulo za m'kati. Kokani galimoto ituluke, tsegulani bokosi la air filter. Ngati fyuluta yanyowa, dikirani makaniko.

Pa mlatho wa mitengo, onse atsike. Yang'anani mitanda ya pansi osati matabwa a pamwamba, chifukwa chiswe chimadya m'kati. Munthu mmodzi aime kutsidya akulozereni ndi manja kuti matayala aponde pa mitanda. Mmodzi yekha, osati gulu lonse likukuwa.

## 11. Mukatitimira

1. Siyani kuponda moto. Tayala lozungulira pamalo amodzi limakumba manda a galimoto yake.
2. Yesani rivesi kamodzi, mofatsa, m'mikwasa yanu yomwe.
3. Zikakanika, tsitsani anthu ndi katundu, muone chagwira. Ndi matayala aterera, kapena mimba yakhala pansi?
4. Kumbani kutsogolo kwa matayala onse anayi, kumbali imene mukufuna kutulukira, potsetsereka bwino. Chotsani dothi lonse lokhudza diff (chibokosi cha magiya cha pakati pa mawilo) ndi chasisi.
5. Ikani kathabwa, kwezani wilo limodzi ndi jeke, thirani miyala, nthambi kapena thumba la dothi pansi pake, tsitsani, pitani pa wilo lina. Ntchitoyi ndi yotopetsa koma ndi imene imatulutsa galimoto popanda wokoka. Munthu asalowe pansi galimoto ili pa jeke.
6. Lowetsani matabwa aatali pansi pa matayala okoka, phwetsaninso mpweya pang'ono, mutuluke ndi moto wochepa. Kumbuyo kwa matayala kusaime munthu, thabwa limatha kuuluka.

Anthu a m'mudzi adzafika, ndipo iwo atulutsapo galimoto zambiri pamalo omwewo. Apatseni moni mwaulemu, mverani akuluakulu. Koma za malipiro kambiranani musanayambe, ndi munthu mmodzi: "Bambo, mutithandize. Tikatuluka apa tikuthokozeni bwanji, ndipo alipo angati?" Mukapanda kutero, okankha asanu amasanduka makumi awiri pa nthawi yolandira. Zikafika pogona pomwepo, kadziwitseni a mfumu.

M'nkhalango za boma monga Chongoni, Dedza-Salima ndi Mvai, kudula mitengo n'koletsedwa. Tolani zouma ndi miyala.

## 12. Kukokedwa

Apa ndi pamene anthu amavulala. Lamba amangidwe pa zitsulo zokokera zimene munazipeza kunyumba zija. Osati pa bampala, osati pa zitsulo za chiwongolero, ndipo osati pa kampira ka tow ball kokokera ngolo. Kameneko kakaduka kamauluka ngati chipolopolo, ndipo kapha anthu m'mayiko ambiri. Malamba awiri musawalumikize ndi shackle pa chifukwa chomwecho.

Yalani bulangete kapena thumba lonyowa pakati pa lamba kuti akaduka agwe pansi. Oonerera onse, makamaka ana, atalikire kuposa kutalika kwa lambayo kawiri. Madalaivala awiri agwirizane chizindikiro cha hutala. Wokoka awongole lamba kaye, kenako akoke mofatsa molunjika, inu mukuthandizira ndi moto pang'ono. Thirakitala kapena lole ili ndi mphamvu yong'amba galimoto yaing'ono, choncho kumbani kaye ngakhale wokoka atafika.

## 13. Pobwerera pa tala

Imani. Bwezerani 2H, zopotokola zibwerere pa FREE, popani matayala afike mpweya wake. Tayala lofewa pa liwiro la M1 limatentha n'kuphulika. Chotsani thope m'kati mwa malimu, apo ayi chiwongolero chidzanjenjemera. Mukafika kunyumba tsukitsani pansi pa galimoto, gugudani air filter, ndipo ngati munawoloka madzi akuya, makaniko aone oyilo wa ma diff. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, asinthidwe.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kudalira dzina la galimoto. Land Cruiser ya matayala osalala imagonja pa katondo pamene Probox ya matayala abwino yadutsa.

Kuthamangira thope. Liwiro lochuluka limangokuponyani pakati penipeni pa dambo, kutali ndi pouma mbali zonse ziwiri, kapena kukugundikitsa pa mwala wobisika.

Kuyenda usiku kapena m'nkhungu. Nkhungu ya ku Dedza, Bembeke ndi Tsangano imatseka mpaka osaona boneti. Magetsi aatali amangowalira m'maso mwanu, yatsani aafupi. Chigwembe chimene mvula yadula dzulo sichikhala ndi chikwangwani.

Kutsegula rediyeta ili yotentha. Dikirani theka la ola, mutsegule ndi nsalu, pang'onopang'ono. Ndipo onani kutsogolo kwake, chifukwa thope louma ndi njere za udzu zikatseka timabowo injini imatentha ngakhale madzi ali odzaza.

Kuiwala kuti chilimwe chili ndi zake. Mu September ndi October udzu wouma umakola pa ekisozi n'kuyaka. Musaimike galimoto pa udzu wautali, ndipo mukadutsa m'tchire gwadani muchotse wokola. Fumbi la lole ya kutsogolo nalo limabisa njinga ikubwera, siyani mpata lithe kaye.

Kuchita manyazi kubwerera. Apongozi ali m'galimoto, anthu akudikira kumudzi, ndiye dalaivala amalowa mumtsinje woti mtima wake ukukana. Siyani galimoto pa sukulu, pa tchalitchi kapena pakhomo pa a mfumu, mupemphe wina aziiyang'anira, makilomita otsalawo mumalize pa kabaza.